Khosi, Mmero ndi Kholingo: Njira ya Mpweya ndi Maina Ake

Pa maina onse a ziŵalo za thupi la munthu, palibe amene amasokonezedwa kaŵirikaŵiri m'zolembedwa za Chicheŵa koposa atatu aŵa: khosi, mmero ndi kholingo. M'mabuku a sukulu, m'timapepala ta zaumoyo ndi m'nyuzipepala, liwu limodzi lomwelo lingathe kuimira lero njira ya chakudya, maŵa njira ya mpweya, mkuja khosi lonse ndi khungu lake lomwe. Pocheza pakhonde chisokonezo chotere sichivulaza munthu, pakuti wolankhula amaloza ndi chala pamene pakumupweteka. Papepala palibe chala. Woŵerenga amene mwana wake watsamwa, kapena amene atate ake asasa mawu kwa mwezi wathunthu, amangodalira liwu limene mlembi anasankha, ndipo liwulo likaloza njira yolakwika, iyenso amachita zolakwika.

Chodabwitsa nchakuti anthu amene sanaphunzirepo za thupi m'kalasi amazisiyanitsa bwino lomwe ziŵalozi. Ku Nkhotakota, kumene Chisilamu chinazika mizu kuyambira pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika pagombepo m'zaka za m'ma 1840, wozinga mbuzi amadziŵa kuti mpeni uyenera kudula mipope iŵiri, ndi kuti akadula umodzi wokha nyamayo sinazingidwe bwino. Mpope wakutsogolo ngwoyera, wolimba, wa timphete tosanjikizana, ndipo ngakhale utadulidwa umakhalabe yasa. Umenewo ndiwo kholingo, njira ya mpweya. Kumbuyo kwake, motsamira mafupa a khosi, kuli mpope wina wofeŵa, wofiirira, wamnofu, umene umakhala wophwa kufikira chakudya chitadutsamo. Umenewo ndiwo mmero. Khosi ndi chiŵalo chonse cholumikiza mutu ndi thunthu, ndipo mipope iŵiriyi ili m'kati mwake pamodzi ndi mitsempha ya magazi, minofu ndi mafupa 7. Pa zimenezi munthu ndi mbuzi sasiyana.

Akatswiri a zachipatala amagaŵa njira ya mpweya paŵiri. Chigaŵo cham'munsi ndi thunthu la kholingo, nthambi zake ndi mapapo. Chigaŵo chakumtunda, chimene chikulongosoledwa pano, chimayambira pa ziboo za mphuno, nkudzera kukhosi, nkuthera pa mutu wa kholingo pamene pamachokera mawu. Ndi mtunda waufupi, wosakwana nkomwe kutalika kwa rula ya mwana wa sukulu, koma m'menemo ndimo mpweya umasefedwa, chakudya chimalekanitsidwa ndi mpweya, ndiponso chilankhulo chimaumbidwa.

Mphuno

Munthu wamkulu akakhala chete amapuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo nthaŵi iliyonse amakoka mpweya wokwana ngati theka la lita. Pa tsiku lathunthu mpweyawo umafika pafupifupi malita 10,000, ndiye kuti migolo 50 ija ya malita 200. Mapapo ngosakhwima, safuna mpweya wozizira, wouma kapena wafumbi. Ntchito yaikulu ya mphuno tsono ndiyo kuukonza mpweyawo usanatsike.

Chimene chimaoneka pankhope ndi chigaŵo chaching'ono chabe. M'kati, mphuno ndi zipinda ziŵiri zazitali zoloŵa chakumbuyo, osati chakumwamba monga ambiri amaganizira. Pakati pa zipindazo pali chipupa chopyapyala, chimene kutsogolo kwake ndi chichereŵechereŵe ndipo kumbuyo kwake ndi fupa. Pa chipupa cham'mbali cha chipinda chilichonse pali timafupa titatu topindika, totundumuka ngati mizere ya m'munda, ndipo mpweya poloŵa umakakamizika kuyenda mokhotakhota pakati pa mizereyo. Ponseponse pakutidwa ndi nembanemba yonyoŵa, yodzala ndi timitsempha ta magazi. Magaziwo amafunditsa mpweya, chinyezi chimauloŵa, kotero kuti mphepo ya mwera imene msodzi amaikoka m'bandakucha wa mwezi wa Julaye imafika kukhosi ili yofunda kale, yotsala pang'ono kulingana ndi kutentha kwa thupi.

Kusefa kumachitika kaŵiri. Cheya cha pakhomo pa mphuno chimakola zinyalala zikuluzikulu. Fumbi losalala limamatirira ku mamina, ndipo pansi pa maminawo pali tiubweya tosaoneka ndi maso, timene timagwedezeka koposa ka 10 pa sekondi iliyonse, kukankhira maminawo kumbuyo kufikira kukhosi, kumene munthu amawameza osadziŵa. Mphuno yabwinobwino imapanga mamina tsiku ndi tsiku. Amene amaoneka pa nthaŵi ya chimfine ngongowonjezera. Mlembi asalembe tsono kuti mamina ndi matenda. Mayi amene wakhala tsiku lonse akuŵamba nsomba m'mphepete mwa Chia, kapena wodula nzimbe zotenthedwa ku Dwangwa, akamina zakuda madzulo amaona ndi maso ake mwaye umene ukanatsikira m'mapapo. Komabe sefa imeneyi ili ndi polekezera. Utsi, kaya wa nkhuni kaya wa fodya, umafooketsa tiubweya tija, ndipo tizidutswa ta utsi tating'ono kwambiri timadutsa osakodwa.

Za mwera pali chofunika kuwongola. Mpweya wozizira umachititsa mphuno kuchucha madzi ngakhale munthu asakudwala. Chimfine chenicheni chimadza ndi mavairasi amene amachoka kwa munthu wina, kudzera m'timadontho ta poyetsemula ndi m'manja. Chiganizo chakuti mphepo imayambitsa chimfine nchozoloŵereka pakamwa, koma m'buku la sayansi chimabisa njira yeniyeni imene nthendayo imayendera.

Liwu lakuti mphuno nalonso lili ndi matanthauzo aŵiri. Mwambi wakuti mphuno imodzi siloŵa zala ziŵiri umatchula chiboo chimodzi, osati chiŵalo chonse. Pamene kusiyanako kuli kofunika, ndi bwino kulemba chiboo cha mphuno. Ziboo ziŵirizi sizigwira ntchito mofanana nthaŵi zonse: mwa anthu ambiri nembanemba ya mbali imodzi imafufuma pang'ono pamene ya mbali ina ikuphwa, ndipo pakapita maola angapo zimasinthana. Dokotala wina wa ku Germany, Richard Kayser, anafotokoza zimenezi mu 1895. Padenga pa zipinda za mphuno ndi pamene pali mitsempha ya kununkhiza. M'mafupa a nkhope muli timphako ta mpweya, tinayi mbali iliyonse, totsegukira m'mphuno, ndipo tikatsekeka mutu umalemera munthu akaŵerama. Kulinso kanjira kochokera pakona ya diso, kamene kamatsitsira misozi m'mphuno. Nchifukwa chake wolira maliro amaminanso.

Kamfuno, liwu losunga katchulidwe kena ka mphuno kakuti mfuno, nthaŵi zambiri amachokera kutsogolo kwa chipupa chapakati chija, pamene timitsempha tambiri timakumana pamtunda penipeni. Mpweya wotentha ndi wouma wa mwezi wa Okutobala umaumitsa malowo, ndipo chala cha mwana chimatsiriza ntchito. Langizo lofala lakuti wodwala agadamitse mutu nlolakwika, popeza zipinda za mphuno zimatsegukira kumbuyo: magazi saleka, amangotsikira kukhosi nkumezedwa, mwinanso nkuloŵa m'kholingo. Choyenera kulemba nchakuti munthu akhale tsonga, aŵeramire kutsogolo, atsine mbali yofeŵa ya mphuno kwa mphindi 10 osasiya, akupumira m'kamwa.

Kukhosi, pamene njira ziŵiri zimapingasana

Mpweya wochokera m'mphuno ndi chakudya chochokera m'kamwa zimakumana m'chipinda chimodzi chamnofu, chotalika masentimita 12 kapena 13, chimene chimayambira kuseri kwa mphuno nkutsika kufikira pamene kholingo ndi mmero zimapatukirana. Omasulira ambiri amavutika nacho chipinda chimenechi, nayesa kupeka liwu latsopano, chonsecho Chicheŵa chili nalo kale dzina lake. Chinsinsi chili m'timawu tolozera malo. Mkanda umavalidwa m'khosi. Chithokomiro chimatupa pakhosi. Koma munga wa nsomba umabaya kukhosi, ndipo munthu wokhumudwa amanena zakukhosi, nkumaliza ndi kuti kukhosi kwayera. Ku- ameneyu amaloza m'kati, kuseri, kumene diso limafikako movutikira munthu akayasamula. Kukhosi tsono ndilo liwu loyenera chipinda chimenechi, ndipo mlembi angachite bwino kulisunga pa ntchito imeneyi yokha, pakhosi nkusiyira zapakhungu ndi zooneka kunja.

Chipindachi chili ndi magaŵo atatu: la kuseri kwa mphuno, la kuseri kwa m'kamwa, ndi la kuseri kwa kholingo. Gaŵo loyambalo anthu ambiri analidziŵa mu 2020, pamene achipatala ankapisa kamtengo kathonje m'mphuno kufikira kumapeto poyeza COVID-19. Cholekanitsa gaŵoli ndi m'kamwa ndi denga la m'kamwa, limene dzina lake lakale ndi malakalaka, liwu lopezeka m'Buku Lopatulika la 1922 ndipo loyenera kulibweza m'mabuku a sukulu. Kutsogolo malakalaka ndi fupa. Kumbuyo ndi mnofu wofeŵa wothera pa kanyama kolendeŵera. Pomeza, mnofu wofeŵawu umakwera nkutseka njira ya kumphuno. Ukachedwa, monga pamene munthu waseka ali ndi thobwa m'kamwa, thobwalo limatulukira m'mphuno.

M'gaŵo lakumtunda lomwelo mumatsegukira tinjira tiŵiri topita m'kati mwa makutu, timene m'mabuku timatchedwa ndi dzina la Bartolomeo Eustachi, katswiri wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500. Aliyense amene anayendapo pa galimoto kuchokera ku Kasungu, pa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, kutsika kudzera m'nkhalango ya Nkhotakota kufikira pagombe, pa mamita ngati 470, amakumbukira makutu akugontha, kenaka nkutseguka akameza malovu. Kumezako kumatsegula tinjirato kuti mpweya wa m'khutu ulingane ndi wa kunja. Mwa ana tinjirati ntatifupi ndiponso togona chopingasa, motero chimfine chimakwera mosavuta, ndipo khutu limayamba kutuluka mafinya.

Pakhomo pa kukhosi, uku ndi uku, pali tinyama tiŵiri timene achipatala amatitcha ma tonsil, ndipo kanzake kachitatu kamabisala kuseri kwa mphuno. Ndi alonda olimbana ndi tizilombo toloŵa ndi mpweya kapena chakudya. Zilonda zakukhosi zambiri zimapola zokha, koma pali mtundu wina wa bakiteriya umene, ukapanda kuchizidwa ndi penisilini, ungachititse kuti patapita milungu iŵiri kapena itatu chitetezo cha thupi chiukire mfundo za mafupa ndi zitseko za mtima. Ana a zaka 5 kufikira 15 ndiwo amagwidwa kwambiri. Mphunzitsi amene amadziŵa kuti chilonda chakukhosi cha kalasi lachitatu chingadzaoneke ngati nthenda ya mtima ku sekondale sangachipeputse.

Mutu wa kholingo

M'Chicheŵa kholingo ndi mpope wonse wa mpweya, kuyambira patsinde pa lilime kufikira m'chifuŵa. Mabuku a zachipatala amasiyanitsa chigaŵo chapamwamba, chopanga mawu, ndi mpope wa timphete 16 kufikira 20 umene uli m'munsi mwake. Ena amamasulira chigaŵo chapamwambacho kuti bokosi la mawu. Katchulidwe kameneka nkobwereka, ndiponso kamaika patsogolo ntchito yachiŵiri kusiya yoyamba, pakuti chiŵalochi ndi chitseko choteteza mapapo chisanakhale choimbira. Mutu wa kholingo ndi thunthu la kholingo ndi maina omveka kwa aliyense amene anasendapo mbuzi. Mutuwo ndi umene umatundumuka pakhosi pa mwamuna. Unapangidwa ndi zichereŵechereŵe zingapo, ndipo pamwamba pake pali china chooneka ngati tsamba, choimirira kuseri kwa lilime, chimene chingatchedwe kachivindikiro ka kholingo. M'kati muli timilomo tiŵiri tamnofu, totseguka popuma ndi kutsekeka pomeza.

Vuto la kapangidwe ka munthu nlakuti mphuno ili kumtunda ndi m'kamwa m'munsi, chonsecho kholingo lili kutsogolo ndi mmero kumbuyo. Mbamu iliyonse ya nsima iyenera kudumpha pakhomo pa kholingo kuti ikafike kummero. Wophunzira akaika chala pa mutu wa kholingo nkumeza malovu, amamva ukukwera. Pa kanthaŵi kameneko kachivindikiro kamagwera kumbuyo, timilomo timatsekana, kupuma kumaima, khomo la mmero limatseguka, ndipo zonsezi zimatha sekondi imodzi isanakwane. Lamulo la makolo loletsa ana kulankhula pakudya lili ndi maziko ake pamenepa: kulankhula ndi kuseka zimafuna kholingo lotseguka. Kanthu kakasochera, timilomo timatseka, chifuŵa chimafinya mpweya, ndipo potseguka mpweyawo umatuluka mwamphamvu. Kumeneko ndiko kutsokomola.

Kutsamwa kuli paŵiri

Pa gombe la Nkhotakota, pamene chambo, kampango, utaka ndi usipa ndi ndiwo za masiku onse, ndipo mpasa umakwera mtsinje wa Bua, munga wotsakamira si nkhani yachilendo. Koma liwu lakuti kutsamwa limanyamula ngozi ziŵiri zosiyana, ndipo apa ndi pamene mlembi ayenera kusamala koposa.

Ngozi yoyamba ndi ya m'njira ya chakudya. Munga umakonda kubaya pa ma tonsil, patsinde pa lilime kapena pakhomo pa mmero. Munthu amamva kuŵaŵa pomeza, malovu amachuluka, koma akupuma ndipo akulankhula. Chizoloŵezi chomeza mbamu yaikulu ya nsima kapena nthochi kuti ikankhe mungawo nthaŵi zina chimaoneka ngati chathandiza, koma chingathenso kuukhomerera, nkuboola mmero ndi kuyambitsa chotupa chamafinya m'kati mwa khosi. Munthu wotere ali nayo nthaŵi yofika ku chipatala cha boma kapena ku St Anne's, chipatala chimene amishoni a UMCA anachiyamba mu 1902, kumene angamuyang'ane ndi nyali nkuchotsa mungawo ngati ukuoneka.

Ngozi yachiŵiri ndi ya m'kholingo, ndipo ilibe nthaŵi yoyendera. Nthuli ya nyama, njere ya mtedza kapena ya chimanga ikatseka njira ya mpweya, munthu amakhala duu, amagwira pakhosi, satulutsa mawu, milomo imasanduka yotuŵa, ndipo ubongo wosoŵa mpweya umayamba kuwonongeka m'mphindi zoŵerengeka. Chizindikiro chosiyanitsa ngozi ziŵirizi ndi mawu. Amene akutsokomola mwamphamvu alimbikitsidwe kutsokomolabe. Amene walephera kutsokomola ndi kulankhula aŵeramitsidwe, amenyedwe ndi chikhatho kasanu pamsana pakati pa mapeŵa, ndipo zikakanika wothandiza amuime kumbuyo, aike nkhonya pamwamba pa mchombo, nkukokera m'kati ndi m'mwamba kasanu, njira imene dokotala wa ku America, Henry Heimlich, anaifalitsa mu 1974. Khanda losakwana chaka silifinyidwa pamimba. Limagonekedwa chafufumimba pamkono, mutu uli m'munsi, kumenyedwa pamsana, kenaka kulitembenuza ndi kulisindikiza pachifuŵa. Kumpatsa madzi munthu wotsamwa kukholingo ndi kuwonjezera ngozi. Kapepala kolemba kuti wotsamwa amwe madzi, osanena kutsamwa kwake, kangathe kupha.

Ana ndiwo ali pangozi yaikulu. Njira ya mpweya ya khanda pamalo ake opapatiza ndi yotambalala mamilimita 4 okha, kuchepera njere ya chimanga. Nembanemba ikatupa milimita imodzi kuzungulira konse, pamatsala gaŵo limodzi mwa magaŵo anayi a mpata wodutsa mpweya. Nchifukwa chake chimfine chimene wamkulu amangosasa nacho mawu chimachititsa mwana kutsokomola ngati kuuwa kwa galu ndi kuliza mluzu pokoka mpweya. Kale ana ena ankafa ndi kutupa kwa kachivindikiro kaja, kobwera ndi bakiteriya wotchedwa Hib. Katemera wake analoŵa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malaŵi mu 2002.

Pali mawu enanso ofunika kuwachotsa m'zolembedwa, akuti wokomoka wameza lilime. Lilime linamera pa nsagwada ndipo silimezeka. Chimene chimachitika nchakuti munthu akakomoka minofu imalefuka, ndipo akagona chagada tsinde la lilime limagwera kumbuyo nkutseka kukhosi. Mkonono umachokera pa kulefuka komweku, koma kwapang'ono. Msodzi wovuulidwa m'madzi ali chikomokere amatsegulidwa njira pom'pendeketsa mutu chakumbuyo ndi kukweza chibwano. Ngati akupuma, amagonekedwa cham'mbali kuti masanzi asaloŵe m'kholingo. Wakhunyu naye saikidwa supuni kapena chala m'kamwa.

Kusiyanitsa mmero ndi kholingo kumafunikanso pa nkhani ya khansa. Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya mmero ili yofala koposa pa dziko lonse lapansi. Chizindikiro chake ndi kuvutika kumeza kopita patsogolo: poyamba nyama ndi nsima, kenaka phala, potsiriza madzi omwe, thupi likunka liwonda. Khansa ya kholingo ndi nthenda ina, yoyendera limodzi ndi fodya ndi moŵa, ndipo imayamba ndi kusasa mawu. Aphunzitsi, alaliki ndi oimba amasasa mawu kaŵirikaŵiri chifukwa cha ntchito, nkuchira akapumula. Koma kusasa kopitirira milungu itatu nkofunika kukayezetsa, pakuti chifuŵa chachikulu nachonso chimagwira kholingo. Mtolankhani wolemba kuti khansa ya pakhosi sanauze woŵerenga chizindikiro choti ayang'anire, ndipo wina angaganize za chithokomiro.

Mawu ndi kalembedwe

Timilomo ta kholingo tija ena amatimasulira kuti zingwe za mawu, ena mitsempha ya mawu. Zonse ziŵiri zimapereka chithunzi cholakwika, ngati kuti pakhosi pali nsambo za bangwe. Mphunzitsi wa nyimbo wa ku Spain, Manuel García, anaona timilomo take tikugwira ntchito mu 1854 pogwiritsa ntchito tiakalirole tiŵiri ndi kuŵala kwa dzuŵa, ndipo chimene chimaoneka ndi milomo yeniyeni, yotseguka ndi kutsekeka mpweya ukamaikankha. Mwa mwamuna imagundana koposa pang'ono ka 100 pa sekondi, mwa mkazi pafupifupi ka 200. Mnyamata akamatha msinkhu mutu wa kholingo umakula, timilomo timatalika ndi kunenepa, ndipo mawu amakhala aakulu.

Mphunzitsi wa Chicheŵa ali ndi mwayi wophunzitsa kalembedwe ndi thupi pa phunziro limodzi, popeza malamulo angapo a kalembedwe amalemba zimene ziŵalozi zikuchita. Wophunzira akaika chala pa kholingo nkutchula motalikitsa s kenaka z, kapena f kenaka v, amamva kunjenjemera pa lachiŵiri lokha. Kusiyana kwa fula ndi vula, sala ndi zala, ndi kwa timilomo basi. Lemba la h mu ph, th ndi kh limasonyeza kuti timilomo tachedwa kutsekana, mpweya nkupulumuka. Nthenga yoikidwa patsogolo pa milomo imauluka pa phala ndi khola, koma imakhala bata pa pala ndi kola. Pa m, n, ny ndi ng' malakalaka ofeŵa amatsika, mpweya nkutulukira m'mphuno. Wotsina mphuno sangatchule bwino nyama kapena ng'ombe, ndipo mwana amene wamva yekha kusiyana kwa ng'oma ndi ngoma saiŵala kankhodolero kaja. B woyamba wa bambo ndi d wa dambo amatchulidwa mutu wa kholingo ukutsika pang'ono, ngati mpweya ukukokedwera m'kati, pamene b wotsatira m m'mawu omwewo satero. Kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la thupi ndi khungu la maso, kumadza ndi kukungika ndi kukhwefuka kwa timilomo tomweto. Laura Downing ndi Al Mtenje anafotokoza zambiri za izi m'buku lawo la 2017, The Phonology of Chichewa.

Chotsala ndi kalembedwe ka liwu lakuti mmero, limene limaoneka m'njira zitatu kapena zinayi, nthaŵi zina pa tsamba limodzi. Malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chicheŵa linatulutsa mu 1973, 1980 ndi 1990, ndi ntchito imene Centre for Language Studies inapitiriza kuyambira 1996, sanathetse chizoloŵezi choika kankhodolero paliponse pamene ma m aŵiri akumana. Njira yosavuta yodziŵira ndiyo kufunsa ngati m woyambayo akuimira mu wolozera malo. M'mudzi ndi mu mudzi, m'mimba ndi mu mimba, m'mphuno ndi mu mphuno; pamenepo kankhodolero kali ndi ntchito. Koma m woyamba wa mmero ndi mphatikiram'mbuyo wa dzina, monga wa mmera ndi mtengo, ndipo pochulukitsa amasanduka mi: mimera, mitengo, mimero. Wolemba m'mero akunena kuti mu mero, chonsecho liwu lakuti mero kulibe. Mkonzi alembe tsono mmero, kummero ndi pammero, ndipo pofuna kunena za m'kati mwake asadule mu, alembe kuti fupa latsakamira mummero.